Famu ya a Mulqueen Ipeza Mwini

Sorcha Mulqueen anayamba kukama ng'ombe za bambo ake ali kamtsikana, koma mpaka imvi zinayamba kusuzumira famuyo isanakhale yake. Bambo akewo, a Fintan, ankaisungira Colm, mwana wawo wamwamuna wokhala ku Australia, ati dzina la Mulqueen lisachoke pa nthaka. Mtima unamuwawa Sorcha, ndipo anaganiza zokafuna ntchito kunja nyengo yobereka ng'ombe ikatha.

Tsiku lina ng'ombe inavutika pobereka. Mayi Tuohy, dokotala wa ziweto, pofika anapeza Sorcha atatulutsa kale thole, manja ali magazi okhaokha.

"Lamoyo! Ababa, lamoyo!" anakuwa Sorcha akudumpha.

"Mwana ameneyu ndi mlimi, a Fintan," anatero dokotala. "Nanga akachoka mwezi wamawa, adzakame ndani?"

"Akachoka? Kupita kuti?" anafunsa a Fintan.

A Mossie, mnansi wawo wosasowa pa nkhani za eni, analowererapo. "Msiyeni apite! Wamkazi akakwatiwa famu ipita ku dzina lina. Komanso mukapereka muli moyo, adzakuikani pakona ngati mpando wothyoka."

"A Mossie, achimwene anu anamwalira osanena wodzatenga famu yawo. Famu ija ili kuti lero? Ana anakokerana kukhoti, n'kugulitsa," anayankha dokotala. "A Fintan, fodya wako ndi wa pamphuno. Colm munamufunsapo? Khalani pansi nonse, kenako mupite kwa loya. Nyumba yanu ndi chisamaliro chanu zilembedwe m'chikalata choperekera famuyo."

A Fintan atamuimbira foni, Colm anaseka chikhakhali. "Ine ndi ng'ombe? Ababa, ndimaopa ngakhale nkhuku! Mpatseni Sorcha, bwenzi mutachita kalekale."

 Zaka zonsezi madalawo ankasungira famu munthu wosaifuna! Sabata yomweyo anavala jekete ya kutchalitchi n'kupita kwa loya ndi Sorcha kukalembetsa famuyo m'dzina lake.

Pa tsiku la msika, wogula mathole anafika n'kugwira a Fintan pamkono monga mwa nthawi zonse. "Akulu, awa tiyambire pati?"

A Fintan anakankhira chipewa kumbuyo, n'kuloza Sorcha monyadira. "Ine ndangoperekeza. Funsani eni ake."

Sorcha anaseka misozi ili mbwembwembwe, kenaka anapukuta m'maso n'kuuza wogulayo kuti asayerekeze n'komwe kumunyenga.

Phunziro: Za amene adzatenge munda kambiranani ndi ana onse mukadali moyo, ndipo musamuderere amene akuulima chifukwa ndi wamkazi.