Kamuvi ka pa Geji

Pa nyumba ya nsanjika zitatu imene ankamangayo, makoma sankamatidwa mapaipi asanayesedwe. Ankadzaza madzi m'mapaipi onse, kupopa mpaka kamuvi ka pa geji kafike pa teni, kenako kutseka n'kudikira maola awiri. Kamuviko kakatsika, ndiye kuti penapake pakudontha. Wosaina pepala la mayeso anali injiniya wa za madzi, mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Woika mapaipiwo anali pulambala wachikulire, amene mwatsoka analinso malume ake.

Mwatsoka ndithu, pakuti pamalo omanga nyumba miseche imauma msanga kuposa simenti. Anthu ankanong'onezana kuti mkuluyo analowa ntchito pachibale, ndipo kapitawo anali atanena poyera kuti mayeso akalephera abweretsa pulambala wina.

Tsiku la mayeso, patangotha ola limodzi, kamuvi kanali pa naini.

Injiniya ndi malume ake anayenda chipinda ndi chipinda, kukulunga nyuzipepala polumikizira paliponse kuti aone ngati inyowe. Anakwawa pansi pa masitepe, anakwera mpaka kudenga. Nyuzipepala inabwera youma gwa.

"Ngati malo odonthawo sakuoneka kunja, ali pansi pa konkire," anatero kapitawo, akuoneka kuti zamukomera. "Tiswe basi. Madala apume, atopa."

Mkuluyo anavula chipewa. "A Injiniya, lembani zimene geji yanena. Musandimvere chisoni."

Pantchito mkuluyo ankamutchula choncho nthawi zonse, koma tsiku limenelo mawuwo anamulasa mayiyo. Munthu uyu ndi amene anamuphunzitsa kugwira sipanala ali wamng'ono, akukonza mpope wa pabwalo pa amayi ake. Chisoni chinamugwira, mkwiyonso, osadziwa woti amukwiyire. Anatuluka panja kuti akasukusule, n'kutsegula mpope wa thanki yakuda imene inkakhala padzuwa tsiku lonse. Madziwo anali otentha ngati a m'bafa. Anaima, manja akudontha, kenako anabwerera mkati chothamanga.

"Amalume, madzi a m'mapaipimu munatunga kuti?"

"Mu thanki yakudayo. Masana omwe ano."

Injiniya anagwira paipi ya m'khonde. Inali zii. Anafotokozera kapitawo kuti madzi analowa otentha, ndipo atazizira mumthunzi wa nyumbayo anachepa pang'ono, kamuvi n'kutsika popanda dontho ngakhale limodzi kutayika.

"Za m'mabuku izo," anatero kapitawo. "Akanakhala munthu wina, mukanavutika chonchi, mayi?"

Funsolo linamupweteka chifukwa yankho lake sankalidziwa bwinobwino. Sanakangane naye. Anangomulozera pampu.

"Madzi azizira tsopano. Popani nokha mpaka pa teni, mutseke nokha, mukhalepo nokha. Kakatsika ngakhale pang'ono, ndisaina kuti zalephera, ndipo hamala ndikupatsani ndine."

Kapitawo anapopa, anatseka, n'kukhala pa ndowa yovundikira maso ali pa geji ngati mphaka pa una. Omata makoma anasiya matope awo kudzaonerera. Wina anati kapitawo asapumire pafupi, angakakankhe kamuviko ndi mpweya, anthu n'kufa nako kuseka. Mkulu uja yekha sanayandikire. Anakhala pa mulu wa njerwa, akutembenuzatembenuza chipewa chake.

Maola awiri atakwana, kapitawo anagogoda galasi la geji ndi chala, anagogodanso kachiwiri, kenako anadzuka n'kusasa fumbi pa thalauza.

"Mawa timata," anatero. Atayenda pang'ono anacheuka. "Madala, nsanjika yachitatu muyambe Lolemba."

Anthu atabalalika, mkuluyo anabwera pang'onopang'ono. Anawerama pa geji, nkhope pafupi kwambiri ndi galasi, n'kukhala choncho kanthawi.

"Tandiuza, mwana wa mlongo wanga," anatero motsitsa mawu, "kali pati? Ine ndikungoona kambale koyera."

Injiniya anamuyang'ana, anayang'ananso mapaipi amene anadutsa m'khonde monse mowongoka bwino, mazana a malo olumikizira, onse ouma.

"Nanga zonsezi mwalumikiza bwanji, amalume?"

"Ndi zala. Chaka chachiwiri chino. Ndimaopa kunena."

"Kali pa teni," anatero injiniya. Anasaina pepala, n'kumugwira mkono malume akewo. "Mawa mwapuma. Ndidzakutengani m'mawa, tipite akakuoneni masowo. Nsanjika yachitatu mukaione ndi maso anu."