Mvunguti wa Kutsindwi

Simoni anagwada pakhonde n'kuvundukula nsalu pamsana pa mlongo wake Elube. Matuza anali ataphulika, khungu litasupuka ngati mbatata yophika.

Elube anabadwa ndi khungu loyera, lija dzuwa la kwa Tengani limalinyambita ngati moto. Komabe zaka khumi ndi ziwiri zonse sanakhalepo ndi chilonda, chifukwa mayi awo, a Esinala, ankamudzoza mankhwala a mvunguti m'mawa uliwonse asanapite kukathyola thonje. Tsopano panali patatha milungu itatu chiwaikire m'manda, ndipo nsupa yawo ya mankhwalawo inali itauma.

Simoni, yemwe anaphunzira kumishoni, ankainyoza nsupayo. Koma dzuwa litayamba kumudya Elube, iye anathyola chipatso chachiwisi cha mtengo wa mvunguti, nachisinja n'kumumata. Ndicho chinamusupula chonchi.

"Achimwene, kodi kumishoni anakuphunzitsani kuwamba anthu?" Elube anafunsa, akuseka ndi misozi.

"Khala chete. Mawa ndikubereka, tipite kwa dokotala."

"Ulendo wa tsiku lonse padzuwa? Mukafika ndi nyama yootcha."

Simoni anawerama. Ankadziwa kuwerenga kalata ya msonkho, koma manja a mayi ake sanawawerengepo. Mawu a akulu anali atagonera, mwini wake kulibe.

"Sindinaonepo mmene ankapangira," anavomera motsitsa mawu.

"Nanenso maso angawa saona bwino. Koma mphuno ilipo. Amayi sankasinja chachiwisi. Ankawotcha chouma paphale mpaka fungo likhale ngati la mtedza wopserera, kenako phulusalo ankalisakaniza ndi mafuta a msikidzi."

"Chouma ndichipeza kuti? Kuyanika kumatenga mwezi."

"Ndinkawamva akukwera pamtondo, pafupi ndi chitseko."

Simoni anagubuduza mtondowo, nakwerapo n'kupisa dzanja kutsindwi. Anakhudza luzi. Anakoka, ndipo kunatsika mkanda wa mvunguti wodulidwa mopyapyala, wouma gwa. Anakokanso wina. Kenako wina. Inalipo khumi ndi iwiri, mwezi uliwonse wake, ndipo mfundo za yomalizayo zinali zolobodoka, zomangidwa ndi zala za mayi ake zimene zinali zitayamba kale kufooka.

Anatsika, naika phale pamoto n'kuponyapo zidutswa za mvungutiwo.

"Basi, phulani!" Elube anafuula, mphuno ili m'mwamba. "Ndi fungo lomwelo."

Simoni anasakaniza phulusalo ndi mafuta a msikidzi, naviika chala m'mafuta akudawo n'kuyamba kudzoza pang'onopang'ono, kuyambira pakhosi.

"Amayi ankayambira kumakutu," anatero Elube.

Iye anayambiranso kumakutu.