Malo a Hutala

Anafika kutada kale. Tauni yachilendo, misewu yopanda zikwangwani. Mayi wogulitsa anapiye anafunsa anthu a m'njira mpaka anapeza galaja yatsopano ya achimwene ake, kuseri kwa malo ocheka matabwa. Mwamuna wake, yemwe amayendetsa, analiza hutala pageti. Agalu a mzere wonse anayankha.

"Alamu, chilombochi mukadali nacho?" anatero achimwene akutsegula.

"Amenewa ndi mawu anga, alamu."

Vuto linali ili. Kagalimoto kawo konyamula anapiye kanafa injini. Bamboyo, mwamuna wa mayiyo, anagula ina, yaikulu. Inalowa, koma mokakamiza. Kompuresa ya eyakoni, yoziziritsa m'galimoto, inasowa pokhala, n'kuiponya m'katoni. Ulendo wathawu, dzuwa likuswa mtengo, theka la anapiye linafika litagona chagada. Mwini famu ananeneratu: akafanso ena, asadzabwerenso. Ndipo mawa linali tsiku lokatenga ena.

Achimwene anatsegula boneti. Anaimba mluzu.

"Walira mvula walira matope. Injiniyi yadya chipinda chonse."

Anayesa kompuresa m'munsi. Inagunda chitsulo. Anaikweza. Boneti inakana kutseka. Anaisunthira kumbali, lamba osafika. Thukuta linali kamukamu. Kenako analoza pakona ndi sipanala, pomwe panagona malipenga awiri a hutala, aatali ngati mkono.

"Malo ake ndi awa. Palibenso ena."

"Ayi," anatero bamboyo. "Chotsani china."

"Chiti? Mabuleki?"

Mayiyo sanaseke. Hutalayo ankaidziwa bwino. Mwamuna wake anaigula akuyendetsa mabasi. Kampani itatsekedwa, ndi chokhacho chimene anabwera nacho kunyumba. Ankaipukuta kuposa nsapato zake.

"Bambo a mwana," anatero motsitsa mawu, "hutala siiziziritsa mwanapiye."

Bamboyo anatuluka panja.

Achimwene anamasula bawuti yakutsogolo ya malipengawo. Yakumbuyo inabisala pakati pa injini ndi khoma. Dzanja lawo silinalowe.

"Manja ngati mafosholo," anatero mayiyo. "Patseni kuno."

Anavula mphete. Anapinda mkono wa bulawuzi. Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, tsaya litatsamira chitsulo. Sipanala inaterereka, khungu la chala n'kusupuka. Anayamwa magaziwo, n'kubwezamonso dzanja. Bawuti sinasunthe.

Kuwala kunagwera paphewa pake. Anali mwamuna wake, tochi ili m'manja.

"Ukumanga m'malo momasula, iwe. Potokolera uku. Ndinaimanga ndekha imeneyo."

Anapotokola. Bawuti inalira, n'kugonja.

Malipengawo anawatulutsa yekha bamboyo, n'kuwakulunga m'jekete lake. Kompuresa inakhala pamalopo ngati kuti ndi kwawo. Mapaipi anadutsa mokhotakhota, achimwene akuwamanga kutali ndi moto wa injini. Lamba anafika. Achimwene anathira gasi. Anaikamonso kahutala kakale kamene anatola m'mulu wa zitsulo.

M'mamawa analiza injini. Mayiyo anaika chala chake chabala pa kazenera ka mphepo. Panatuluka kamphepo kozizira kuti zii. Anachisiya pomwepo.

Pageti, bamboyo anadina chiwongolero mwachizolowezi.

"Pii!"

Galu ngakhale mmodzi sanadzuke. Achimwene anagwira geti, akufa ndi phwete.

"Alamu, mwanyamula kale mwanapiye mmodzi?"

Bamboyo anayang'ana jekete lomwe linali pamiyendo ya mkazi wake. Analowetsa giya.

"Tseka zenera, mayi a mwana," anatero. "Mphepo yathu ikuthawa."