Makiyi a Amalume

"Tsekani chitseko, amalume," ndinatero.

Anakhala pampando wa alendo, chipewa chawo cha udalaivala chili pabondo. Iwowa ndi amene anandipezera ntchito pakampani ya mabasi ija nditangomaliza sukulu. Tsopano ndinali woyang'anira madalaivala onse, ndi iwo omwe.

Miyezi ingapo m'mbuyomo kunabwera akatswiri kudzafufuza zinthu zimene zingagwetse kampani. Anayendera garaja, anatumiza madalaivala kwa dokotala, ndipo pamsonkhano ananena mosapsatira mawu kuti maso a amalume akuchita chidima, ndipo sadzachira. Mabwana anagwedeza mitu, tinamwa tiyi, nkhani inathera pomwepo. Ndani akanakhudza munthu amene anayendetsa basi yoyamba ya kampani, wosagundapo ngakhale nkhuku? Kenako kondakitala wawo anadzandinong'oneza kuti masiku amenewo ndi iye amene ankawauza za njinga ndi ana a sukulu m'mphepete mwa msewu. Nditakawauza bwana wamkulu anangoti, "Ndi abale ako, ukudziwa powagwira."

"Amalume, kuyambira mawa simukweranso pachiwongolero. Tikupatsani ntchito yophunzitsa anyamata atsopano muno m'bwalo," ndinawauza tsopano, chitseko chili chotseka.

Anaseka pang'ono. "Msewu umenewu ndingauyende nditatsinzina, mwana wanga."

"N'zimene ndikuopazo."

Kuseka kunazima. "Ndinagundapo munthu ine?"

"Ayi. Koma sindifuna kudikira tsiku limenelo. M'basi muja mumakhala ana a eni."

Kenako anatulutsa makiyi m'thumba kuti awaike patebulo. Anaphonya m'mphepete mwake, makiyi aja n'kugwera pansi. Tonse tinamva kulira kwake, koma panalibe amene anawerama. Ntchito yophunzitsa ija anaikana. Anati munthu saphunzitsa kusambira ali pamtunda.

Madzulo ake amayi anali atamva kale. Ndinawapeza akusita zovala, ndipo sanatukule mutu.

"Wavula mlongo wanga pagulu," anatero. "Galu saluma dzanja lomudyetsa, koma iwe waluma."

"Amayi, akanapha anthu."

"Akanapha, akanapha! Wapha ndani mpaka lero? Iwe ndiye wapha munthu akuyenda."

Ngozi imene waipewa ilibe mtembo woti uwaonetse anthu. Kuntchito madalaivala anzawo ankasiya kucheza ndikamadutsa, ndipo bwana wamkulu anawauza kuti maganizowo anali anga ndekha. Pa ukwati wa mwana wa amalume sanandiitane.

Patapita chaka ndinalimba mtima n'kupita kunyumba kwawo. Ndinawapeza atakhala pabenchi panja pa geti, ataonda, malaya a yunifomu atawamanga mabatani mpaka m'khosi. Ndinaima patsogolo pawo penipeni, dzuwa likuswa mtengo, ndikufunafuna mawu oyambira. Nthawi yomweyo basi yawo yakale inatulukira pachitunda, ikubangula.

Amalume anapendeketsa mutu, kutchera khutu. Phazi lawo lamanzere linaponda pansi, dzanja n'kukankha giya yosaoneka.

"Wachedwa kusintha mnyamatayu," anang'ung'udza okha. "Aipha injini."

Basi itazimiririka anatembenukira kumene ndinaima, maso awo akudutsa paphewa panga.

"Kodi pali munthu pamenepa?" anafunsa.