Karoti wa Manzere

Amayi anga sadya chakudya asanachitembenuze. Mukawaikira mbale patsogolo, amayamba atenga foloko n'kumagubuduza kachidutswa ka nyama kapena ka karoti uku ndi uku, ngati munthu wosankha nsalu pamsika. Anaphikira ana a sukulu yogonera komweko kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo amati mbale imaulula zonse za amene waphika, kaya anagona bwino, kaya anakwiya, kaya mpeni wake ndi wobuntha. Ine ndinkaziyesa nkhambakamwa za anthu opuma pantchito, mpaka chaka chimene ndinafuna kukwatiwa.

Vuto linali loti mwamuna amene ndinamukonda ndi wophika. Anzake a kukhitchini amamutchula kuti Manzere, chifukwa mpeni, chikombe ndi cholembera zonse amagwira ndi dzanja lamanzere, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka nanenso ndinayamba kumuitana choncho. Lachitatu lililonse ankanditumizira kabokosi ka chakudya kusitolo ya mankhwala kumene ndimagwira ntchito. Zotsala ndinkapita nazo kunyumba, n'kuwanamiza Amayi kuti waphika ndi mnzanga wa kuntchito.

Ndinkanama chifukwa kwathu kunali lamulo limodzi lomwe ndinakula ndikulimva. "Udzabweretse aliyense, kaya wosoka nsapato kaya woyendetsa basi, koma wophika ayi." Malemu bambo anga anali wophika wa pahotela. Amayi amati pa zaka makumi awiri za banja lawo, chimene anachidziwa bwino pa mwamuna wawo ndi msana. Kuntchito bambo ankadya ali chilili pambali pa mphika, kunyumba chimodzimodzi, kungotapa kawiri n'kumati akhuta kale ndi fungo. Sanali munthu woipa, koma mpando wawo wa patebulo tinkaunjikapo zovala zoti tisite. Nkhani ya mpandoyi sindinamuuzepo Manzere, inkandichititsa manyazi. Ankangodziwa kuti Amayi safuna wophika.

Kukwatiwa Amayi atakana sindikanatha. Ndine mwana mmodzi yekha, ndipo manja amene anandilera ali ndi zipsera za mafuta mpaka m'zigongono. Koma kumusiya Manzere nakonso sindikanatha, ndiye ndinakonza chiwembu. Mumsewu waukulu wa dera lathu, kuchokera pomwe mabasi amatembenukira kufika pasitolo yathu, muli malesitilanti ang'onoang'ono angapo, aliyense wa mtundu wake. Ndinaganiza zowatenga Amayi Loweruka lililonse masana, malo amodzi pa sabata, kwa Manzere kukhale kwachinayi. Akadzayamikira chakudya chake ndi pakamwa pawo, ndidzawauze kuti wophikayo akufuna mwana wawo. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

Tinayambira kwa Amwenye, kachipinda ka matebulo asanu ndi limodzi kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Amayi anavala nsapato zawo zabwino, koma anayenda njira yonse akung'ung'udza. "Munthu wamanja awiri kukakhala pampando kudikira mnzako akuwiritsire mpunga. Ulesi umenewu unautenga kwa ndani?"

Mpunga utabwera kung'ung'udza kunatha. Unali wautali, njere iliyonse payokha, wonunkhira mpaka kuseri kwa makutu. Anautembenuza ndi foloko, nalawa nkhuku ya msuzi wofiira, thukuta n'kuyamba kuoneka pamphuno. "Uyu anaunyika kaye mpungawu," anatero motsitsa mawu. "Ndipo tsabola sanamuthire kuti atipweteke, anamuthira kuti tidzuke." Atamaliza anapukuta mbale ndi buledi wopyapyala wowotchera m'ng'anjo yadothi, kenako anadzuka n'kulunjika kukhomo la khitchini. Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo. Koma mayi wachimwenye wophikayo anawalandira ngati m'bale wake, nawatsegulira tizitini take ta zokometsera mmodzimmodzi kuti anunkhize, ndipo awiriwo anacheza theka ndi pakamwa theka ndi manja.

Loweruka lachiwiri anandidzutsa ndi iwo. Tinapita kwa Matchaina, malo opapatiza pakati pa ometa tsitsi ndi owotcherera zitsulo. Kumeneko wophika amagwira ntchito pawindo aliyense akuona. Amatenga mtanda wa ufa, kuukoka, kuupinda, kuumenyetsa patebulo, kuukokanso, mpaka mtanda uja usanduke tizingwe tambirimbiri toponya mumsuzi. Amayi anaima pawindopo mpaka chakudya chathu chinayamba kuzizira. "Mkulu uyu wakoka zingwezi zaka zoposa zako," anatero. Timitengo todyera anangotiyang'ana kamodzi n'kupempha foloko mopanda manyazi. Chimene chinawagwetsa ulesi ndi masamba, obiriwira bii, ongopsa pang'ono, olira pakamwa ukamatafuna.

"Ana a eni ake ndinawalakwira," anatero. "Zaka zonse zija masamba ndinkachita kuwapha."

Ndinali ndisanawamvepo Amayi akuvomera kulakwa pa nkhani ya mphika. Ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Kwa Aitiyopiya ndi kumene mtimawo unanyamukanso. Kumeneko amabweretsa mbale imodzi yaikulu yoyalidwa buledi wofewa wowawasa, pamwamba pake timilu ta nyemba, nyama ndi masamba, ndipo nonse mumadya ndi manja. Amayi anasangalala ndi mphodza, anasangalalanso ndi khofi yemwe mwini malo anamukazinga pamaso pathu. Koma anthu atachepa, maso awo anapita pakona. Wophika, wotsuka mbale ndi operekera chakudya awiri anali atakokera mipando patebulo limodzi, akudya mbale imodzi, akuseka.

"Waona?" anatero Amayi. "Awa amakhala pansi."

Ine khofi uja anandiwawira pakhosi, chifukwa pa miyezi isanu ndi itatu ya chibwenzi chathu, Manzere ndinali ndisanamuonepo akudya atakhala. Ankalawa, ankatola, ankandifunsa ngati mchere wakwana.

Loweruka lachinayi linafika. Manzere ndiye mkulu wa ophika palesitilanti ya chakudya cha Ataliyana, ya nsalu zofiira pamatebulo, pafupi ndi sitolo yathu. Ndinali nditamuuza kuti aphike ngati mmene amaphikira masiku onse, ndipo asatulutse mutu m'khitchini mpaka ndimuitane. Tinafika nthawi yoipa, malo atadzaza, operekera chakudya akuthamanga ndi mbale m'manja monse.

Tinayamba ndi supu wa nyemba ndi masamba. Amayi analawa kamodzi n'kutsinzina. Analawanso. Kenako anavuula kachidutswa ka karoti, n'kukaika m'mphepete mwa mbale, n'kukagubuduza ndi foloko.

"Wophika pano ndi wamanzere."

Supuni yanga inaima m'malere. "Mwadziwa bwanji, Amayi?"

"Amasenda ndi mpeni, sapala. Wamanja akamasenda, mizere ya mpeni imapotokera uku. Iyi yapotokera uko." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Ndipotu karoti ameneyu ndakhala ndikumudya Lachitatu lililonse chichokereni mvula. Mnzako wa kuntchito uja waganiza zosintha ntchito?"

Ndinasowa pogwira. Chiwembu changa chonse, masabata anayi, nsapato zabwino, zonse zija Amayi ankangonditsatira ngati mmene umatsatirira mwana amene akubisa chinthu kumbuyo uku chikuonekera.

"Munadziwa kalekale?"

"Ndinadziwa kuti pali mwamuna, ndipo ndi wophika. Sindinadziwe khomo lake. Kwa Amwenye ndinayang'ana, ayi. Kwa Matchaina ndinayang'ana, ayi. Komabe sindikudandaula, ndadya bwino." Anapukuta pakamwa. "Dzanja ali nalo, zimenezo sindikana. Supu uyu bambo ako akanamuvulira chipewa. Kamuitane."

Manzere anatuluka atavala epuloni, kansalu paphewa, nkhope ikunyezimira ndi nthunzi. Anawerama pang'ono, manja kumbuyo. "Muli bwanji, Amayi? Chakudya chili bwino?"

"Ndili bwino, kaya inu. Mwadya, bambo?"

"Ndalawako, Amayi."

"Sindinafunse zolawa. Khalani apa."

Amayi anakoka mpando wopanda munthu umene unali pakati pathu. Manzere anayang'ana mpandowo, nayang'ana kukhitchini. Pakawindo koperekera mbale panali timapepala ta maoda titapachikidwa mzere, ndipo mwini malo, bambo wokalamba wa ndevu zoyera, anali ataimika nsidze. Ine ndinkadziwa chimene mpandowo unali, koma iye sankadziwa, ndipo panalibe njira yomuuzira. Ndinangoyang'ana nsalu ya patebulo.

Manzere anachotsa kansalu paphewa, namasula epuloni, naipinda. Anakodola wachiwiri wake pakawindo paja. "Achimwene, gwirani mapani anga." Atatero anakhala.

Woperekera chakudya anali atangofika ndi pasitala wa Amayi, tizingwe ta ufa tofanana ndi ta kwa Matchaina tija, wa tomato ndi nyama yogaya. Amayi anakankhira mbaleyo kwa Manzere n'kumupatsa foloko yawo kudzanja lamanzere. "Idyani. Musathamange, palibe akukuthamangitsani."

Anayamba kudya. Poyamba ankameza ngati munthu amene basi ikumusiya, koma Amayi anamufunsa za kwawo, za amene anamuphunzitsa kusenda ndi mpeni, ndipo pang'onopang'ono mapewa ake anatsika. Manzere anati anaphunzira kwa azakhali ake, amene analibe chopalira. Anasekanso n'kunena kuti pasitalayu wachepa mchere, ndipo sakanadziwa akanapanda kudya mbale yonse.

Ali pakati pa mbale, fungo linatuluka m'khitchini. Adyo anali kupserera m'pani. Ngakhale ine amene ndimapsereza madzi ndinalimva. Ndinaona mphuno ya Manzere ikugwedera, dzanja lake lamanja likufinya m'mphepete mwa tebulo, mwendo umodzi utakonzeka kale kudzuka. Sanatembenuke. Anapota pasitala wina pafoloko, nafunsa Amayi kuti ana a sukulu ankawaphikira angati patsiku.

"Mazana anayi," anayankha Amayi, koma mawu awo anali atasintha. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsalu ya patebulo, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kenako anandiyang'ana. "Bambo ako ndinawakokera mpando zaka makumi awiri."

Fungo lija linakula, wachiwiri uja akumveka akulimbana ndi mapani, ndipo ndinaona kuti tsopano amene akuvutika ndi Amayi. Ankasuntha pampando, mphuno ili m'mwamba, zala zikugogoda tebulo. Anapirira mpaka Manzere atameza kawiri, basi zinawakanika.

"Loweruka likubwerali mubwere kunyumba. Ndikaphika ine, mpeni wanu muusiye konkuno, ndipo mpando ndikachotsapo zovala." Anamulanda foloko m'manja. "Tsopano thamanga mwana wanga, adyo akupserera."