Chingwe cha Pamsomali

"Ngati yankho si 5, basi, mayeso a mawa sindikalemba," anatero mlongo wake wa Pulofesa, n'kuponya pensulo patebulo. "Ndizingokhala nanu pakhomo pano, tikhale mapulofesa awiri."

Dzina la Pulofesa anamupatsa ndi bambo ake, monyadira. Chisiyireni koleji maliro awo atatha, anthu ankalitchula akuseka. Pulofesa anakoka kope la mlongo wakeyo. Funso linkati bwalo la mpira ndi mamita 60 m'litali, 45 m'lifupi, ndipo aligawe m'masikweya ofanana, aakulu kwambiri, osatsala malo. Mbali ya sikweya ikhale mamita angati?

"5 amalowadi konsekonse," iye anatero, "koma alipo womuposa."

"Achimwene, mumayankhula ngati buku. N'chifukwa chake anzanu anasiya kubwera."

Pulofesa anakatsegula kachipinda kamene ankakazemba kwa miyezi isanu ndi iwiri. Laimu anali ataumira m'ndowa. Bambo awo, omwe ankalemba mizere pabwalo la sukulu, anasiya chingwe chawo pamsomali, chokulungidwa bwino ngati abweranso Lolemba. Chinali ndi mfundo pa mita iliyonse.

Anachitenga, n'kupita ndi mlongo wake kubwaloko. Kunalibe munthu, udzu utameza mizere. Anayeza 60 ndi 45, n'kukhoma zikhomo.

"Gwira pa mfundo ya 20, tiyende nacho."

M'litali chinalowa katatu ndendende. M'lifupi kawiri, n'kutsala kamalo.

"Chakana," anatero mtsikanayo. Anayesa 9, chinakanira m'litali. Kenako anawerenga yekha mfundo mpaka 15. Uku kanayi, uku katatu, osatsala ngakhale phazi.

"Alipo wina wamkulu wolowa mu 45?" anafunsa Pulofesa.

"45 yekha. Koma mu 60 salowa." Anayang'ana chingwecho. "Adadi ankazidziwa zimenezi?"

"Za m'buku ayi. Ankangoti, 'Koka, Pulofesa, laimu sabisa waulesi.'"

Mtsikanayo anaseka, n'kuponya nsonga yake pansi. "Ndikalembe ndisanaiwale. Mawa mundidzutse."

Anathamanga osacheuka. Pulofesa anatsala ndi nsonga imodzi m'manja, chingwe chili lende paudzu. Kuyambira ali mwana, mbali inayo inkakhala ndi wogwira.

Kenako anapita kukamangirira nsonga ija pachikhomo, n'kubwerera chafutambuyo mpaka chingwe chinati nga. Anagwada, n'kuyamba kuzula udzu motsata mzere.