Mzere Wofiira pa Thanki ya Bambo

Bambo anga anali ndi thanki yagalasi pabalaza, yodzaza madzi amchere ndi nsomba za kunyanja yaikulu. Amayi ankaitchula kuti "mkazi mnzanga," ndipo sankanama. Bambo akaweruka kuntchito, nsapato asanavule, moni woyamba ankapereka kwa nsomba, ife pambuyo.

Loweruka lililonse ankasungunula mchere wogula kusitolo ya ziweto m'ndowa yabuluu, n'kusintha gawo la madziwo. Masiku enawo ankangowonjezera pang'ono kuti madzi afike pa mzere umene anajambula pagalasi ndi polishi wofiira wa zikhadabo za Amayi. Polishiyo anachita kuba, ndipo mlandu wake sunathe.

Bambo atamwalira panatsala nsomba imodzi yokha, yamizere yoyera, imene tinkaitcha Abwana chifukwa inkadya tonse tisanadye. Patatha miyezi iwiri Amayi anandiimbira foni.

"Mwanangu, Abwana asiya kudya. Ndawalakwira chiyani ine?"

Ndinawapeza Abwana atabisala kuseri kwa mwala, akupuma mobanika. Madzi anali mbee, atafika pa mzere ndendende, koma m'mbali mwa chivundikiro mchere unali utauma ngati phulusa. Ndinatsegula kabati ya Bambo n'kutenga kachipangizo kapulasitiki koyezera mchere. Nditatunga nako madzi, muvi wake unakwera mpaka kumapeto.

"Amayi, madzi akatsika mumathiramo chiyani?"

"Amchere, nanga chiyani? Ndimasungunula m'ndowa yabuluu monga ankachitira bambo ako. Sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi."

Mtima unandiwawa. Ine Bambo anandiphunzitsa ndili kamtsikana, nditakwera pampando kuti ndione bwino: madzi amauluka, mchere umatsala. Owonjezera tsiku ndi tsiku amakhala opanda mchere, a m'jagi yoyera. Amayi ankaonera zonsezi pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, osayandikira. Ndinawakwiyira Bambo ngakhale ali kumanda. Zaka makumi awiri, kulephera kuitana mkazi wawo kuti adzaone jagi?

Nditawafotokozera, Amayi anathamangira kukatunga ndowa yodzaza madzi opanda mchere. Ndinawagwira mkono.

"Ayi, Amayi. Mukatsitsa mcherewo kamodzin'kamodzi, Abwana afa lero lomwe. Tichotse kapu imodzi, tithire kapu imodzi, kenako tidikire."

Ndinapempha tchuthi kuntchito. Masiku anayi tinakhala pafupi ndi thankiyo, Amayi pampando wa Bambo umene anali asanaukhalepo chimwalirire mwini wake. Kapu ankagwira ndi iwo, ine ndikuwerenga muvi. Anandiuza mmene Bambo anabweretsera thankiyo pa tekisi, ataikumbatira ngati wodwala, iwo akuganiza kuti ndi kabati ya mbale imene anawalonjeza. Tinaseka mpaka misozi.

M'mawa wa tsiku lachinayi muvi unaima pa chizindikiro chimene Bambo anakanda ndi mpeni pa kachipangizo kaja. Abwana anatuluka kuseri kwa mwala, anazungulira kawiri mwaulesi, n'kutola kachakudya kamene Amayi anagwetsa.

Amayi analowa kuchipinda n'kubwera ndi botolo la polishi wofiira. Anabwereza mzere uja, umene unali utayamba kufufutika. Pajagi yoyera analembapo kuti OPANDA MCHERE. Kenako anawerama, mphumi itagunda galasi.

"Zaka zonsezi ndakuchitira nsanje, mnzanga," anatero. "Idya. Amasiye tatsala awirife."